Usakabweze kahatchiko, mphwanga

Mphwanga, uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvera kawiri. Koyamba ndinaseka. Kachiwiri ndinakhala pa chidebe m'mbali mwa dziwe langa, chifukwa mawu ako anali ngati anga ndili mnyamata wa phuma. Ukuti unagula timahatchi tiwiri ta m'nyanja kumeneko ku Cape Town, wogulitsa atakutsimikizira kuti kena n'kakamuna, kena n'kakakazi. Miyezi 3 yadutsa, palibe kamene katulutsa thumba, ndiye Loweruka likubwerali ukufuna kukabweza kakang'onoko ndi kumulalatira mwini shopu. Kushopuko upite ndithu, koma ukagule chakudya. Kahatchiko ukasiye m'madzi ake.

Ndikukuyankha poyera, amayi ako asadabwe, chifukwa suli wekha. Anyamata a m'makomboni a kuno, ku Mbizo ndi ku Amaveni, ayamba kundipeza pakhomo, mafoni ali m'manja, kundionetsa mavidiyo a nsomba za m'magalasi. Ati madala, bizinesi imeneyi tingaiyambe bwanji? Ndikawamvetsera, nthenda yawo ndi yako yomweyi. Amafuna nsomba ikhwime pa tsiku limene iwo alemba pa kalendala.

Kwa amene sanakaonepo kanyamaka, Azungu amati seahorse, akatswiri amati Hippocampus, ndipo mitundu yake ndi yoposa 40. Makolo athu anali anthu a nyanja yopanda mchere, choncho sanatisiyire dzina lake. Ine ndimangoti kahatchi ka m'nyanja. Ndi nsomba ndithu, ngakhale kamasambira choimirira ngati munthu wodikira basi. Mutu ndi wa hatchi, koma zina zonse anabwereka kwa bilimankhwe: mchira wogwirira udzu, diso lililonse loyang'ana kwake, khungu losintha mtundu. Mamba kalibe, mano kalibe, ngakhale chifu chenicheni kalibe. Kamayamwa tinkhanu ting'onoting'ono ndi kamlomo kake konga bango, chakudyacho n'kungodutsa. Ndiye chachikulu n'chakuti pakati amatenga ndi bambo. Kakakazi kamathira mazira m'thumba limene lili pansi pa mimba ya kakamuna, ndipo kakamunako kamawasunga masabata 2 mpaka 4, kutengera mtundu ndi kutentha kwa madzi, kenaka n'kuchira. Thumba limenelo ndiye ndevu zake. Lisanamere, mwana wamwamuna ndi wamkazi amaoneka chimodzimodzi.

Ungafunse kuti mwana wa ku komboni ya mgodi, kumene nyanja ya mchere yapafupi ili ku Beira, makilomita oposa 700, anazidziwira kuti zimenezi. Agogo ako aamuna anachoka ku Nkhotakota m'masiku a Mthandizi, tawuni ino ikulembedwabe Que Que, n'kulowa pansi pa nthaka ku Globe and Phoenix. Anali mwana wa msodzi. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankanditenga ku Sebakwe ndi mbedza, ndipo nsomba iliyonse imene tagwira ankaiyerekeza ndi chambo n'kuipeza yoperewera. Ine ndinakulira ku zitsulo ku Redcliff. Mu 2008, ndalama itasanduka mapepala ndipo ng'anjo zitazima, ndinawoloka Limpopo ngati anzanga onse. Ntchito imene ndinaipeza ku Durban inali yotsuka mathanki kuseri kwa shopu ina yogulitsa ziweto. Ndinakhalako zaka 9, manja ali mumchere.

Chaka chachitatu ndili kumeneko, abwana anaitanitsa timahatchi 12 toswedwa pa famu ya kunja, ta mtundu wotchedwa kuda. Tinafika tating'ono, tosakwana chala changa chamkombaphala. Abwanawo ankafuna kutigulitsa tiwiritiwiri, chifukwa wogula akamva kuti ili ndi banja amatulutsa chikwama mosanyinyirika. Patapita miyezi iwiri, 5 tinaonetsa matumba. Totsalato tinangokhala duu. M'mawa uliwonse funso linali limodzi: zakhwima? Ine pofuna kuoneka wodziwa ndinakumbuka kuti tinsomba ta guppy timaswana msanga madzi akafunda. Ndinapotoza hita kuchoka pa madigiri 24 kufika pa 28, osauza munthu.

Sabata yachiwiri isanathe, nsonga za michira zinayamba kuyera ngati zathiridwa phulusa. Kena kanasiya kugwira udzu, kakungogona pansi. Tinafa 4. Madzi ofunda amafulumizitsa thupi la nsomba, inde, koma amafulumizitsa koposa tizilombo totchedwa Vibrio, timene timadya khungu la kahatchi. N'chifukwa chake oweta odziwa amasunga mitundu ya kotentha pa madigiri 22 mpaka 24, kutsikirapo poyerekeza ndi nyanja imene inachokera. Ndalama ya timahatchi takufato inadulidwa pa malipiro anga, ndipo mwezi umenewo amayi ako sanalandire kanthu kuchokera kwa mlongo wawo. Chifukwa chake akuchimva lero.

Pa totsalato panali kena kochepetsetsa, kowonda, kamene anzake ankakapitirira pa chakudya. Abwana anati palibe angakagule, ndikachotse pamaso pa makasitomala. Ndinakaika m'kathanki kakuseri, pafupi ndi sinki pamene ndinkadyera nkhomaliro. Ndinakatcha NaPhiri, chifukwa kanali ndi ulemu wa amayi akale, oyamba aona kuti aliyense wakhuta asanatambasule dzanja. Kali kokha, kanayamba kudya. Ndinkakapatsa katatu pa tsiku, ndikuyang'ana mpaka kameze. Kanatalika, mimba inadzaza m'mbali. Tsiku lina, kali ndi miyezi ngati 11, ndinaona kamzere kakuda pansi pa mimba, pamene mchira umayambira. Ndinkayesa ndi bala, mtima unagunda poganiza kuti matenda aja abweranso. Masabata angapo, khungu la pamenepo linasalala, linatukuka, pamwamba pake panaoneka kabowo. Mnzanga wa ku Tete amene tinkagwira naye ntchito anasuzumira m'galasimo n'kuseka mpaka kugwira khoma. Anati achimwene, NaPhiri wanuyu ndi Phiri.

Phiri ameneyo tinamupatsa mkazi. M'mawa uliwonse magetsi a pa thanki akangoyaka, awiriwo ankakumana pa kamtengo kamodzi, kuwala khungu, kukolana michira, kuzungulira ngati ovina chioda, kenaka aliyense n'kupita kwake. Pasanathe miyezi iwiri anachira ana ochuluka moti ndinasiya kuwerenga nditadutsa 100. Aja 5 ofulumira kukhwima anali atagulitsidwa kalekale. Amene anatsala kubereka m'shopumo ndi uja ndinauzidwa kuti ndimuchotse pamaso pa anthu.

Sanasinthe kuchoka ku ukazi kupita ku umuna ayi, ndipo aliyense wokuuza zimenezo usamumvere. Zilipo nsomba zimene zimasinthadi. Ka clownfish kaja ana amakakonda chifukwa cha kanema, yaikazi ikafa pa gulu, yaimuna yaikulu imasanduka yaikazi. Kahatchi satero. Phiri anabadwa Phiri, thumba lokha ndi limene linachedwa, ndipo wolakwa ndinali ine amene ndinafulumira kutcha dzina.

Chimene chimatsegula thumba ndi msinkhu wa thupi, kuposa kuchuluka kwa miyezi. Amanda Vincent, mayi amene anayambitsa Project Seahorse pamodzi ndi Heather Koldewey mu 1996, ndi anzake anasonkhanitsa zimene zikudziwika za mitundu yosiyanasiyana, ndipo chimaoneka n'chakuti kutalika kwa kahatchi kumalosera kukhwima kwake bwino kuposa zaka. Kamtundu kakang'ono ka ku Florida kotchedwa zosterae kamakhwima pa miyezi itatu yokha, koma moyo wakenso ndi waufupi. Mitundu ikuluikulu imatenga miyezi 6 mpaka chaka. Kufupi ndi kwanuko, ka ku Knysna, kamene dzina lake ndi capensis, kamakhwima patatha pafupifupi chaka, katatalika masentimita 6 ndi theka, ndipo kamaswana m'chilimwe madzi akafika cha m'madigiri 20. Ngati unagula tako tili ndi miyezi 4, lero tili ndi 7. Ukukwiyira mwana wa sitandade 5 kuti bwanji alibe ndevu.

Tsono popeza nkhani ndi msinkhu, funso lenileni n'lakuti kakang'onoko kakudya kapena kakungoonerera. Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Nyama yopanda chifu siingasunge chakudya cha mawa. Iwe umachoka m'bandakucha kukagwira ntchito, umabwera kutada, n'kuponyamo kachidutswa kamodzi ka tinkhanu ta mysis kuchokera m'firiji. Kakakulu kamafika msanga n'kutola zonse zonona. Kakang'ono kamayamba kayang'anitsitsa kankhanu kamodzi kwa mphindi yathunthu, kakupendeketsa mutu ngati wogula nsalu pa msika, ndipo pamene kakuganiza zoyamwa, pampu yakokera kale chakudyacho m'sefa. Madzi amaipa, nsomba ili ndi njala. Uzidyetsa kawiri pa tsiku osalephera, katatu ngati ungathe. Mysis uziyamba waisungunula ndi kuitsuka. Uike kambale kapena chigoba m'thankimo, pafupi ndi pogwirira mchira, kuti tizolowere malo amodzi odyera. Pampu uzizimitsa nthawi ya chakudya, ndipo usachoke mpaka utaona ndi maso ako kakang'onoko katameza kangapo. Ngati kakulephera kupikisana, ugawe thankiyo ndi kaukonde.

Ukachenjerenso ndi artemia, tinkhanu tija amagulitsa ngati mazira ouma a m'chitini. Tikangoswa kumene timathandiza ana obadwa kumene, koma tikagona tsiku limodzi kapena awiri osadyetsedwa kanthu, timakhala madeya okhaokha. Kahatchi koleredwa ndi artemia yekha kamakhala moyo, koma sikakula. Ambiri mwa ochedwa kukhwima amene ndinawaona anachedwetsedwa ali makanda, m'manja mwa munthu wina, wogulayo asanawaone n'komwe.

Poyang'ana, usadikire thumba lotukuka. Uyang'ane kahatchi cham'mbali, kuwala kukuchokera kumbuyo kwako. Kwa kakakazi, mimba imathera mwadzidzidzi pamene mchira ukuyambira, ngati chilembo cha P, ndipo mphete za mchira zimaoneka bwinobwino kuyambira pamwamba. Kwa kakamuna, mzere wa mimba umatsetsereka pang'onopang'ono kulowa mu mchira, ndipo mphete zoyambirira zimabisika ndi khungu losalala. Kamzere kakuda kapena kachigamba kosalala pamenepo ndiye chiyambi. Uzikajambula ndi foni yakoyo Lamulungu lililonse, mbali yomweyomweyo, pafupi ndi rula yomatidwa pagalasi. Diso limene limaona nsomba tsiku ndi tsiku siliona kukula, koma zithunzi zinayi zikaikidwa pamodzi sizinama. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono ya m'madzi a mchere imaposa ya kumunda.

N'kuthekanso kuti wogulitsa uja anangolota, ndipo uli ndi akazi awiri enieni. Palibe tsoka pamenepo. Akazi awiri amakhala bwino, ndipo iwe amene ukubwereka chipinda chimodzi sunakonzeke kulera ana 200 ofuna chakudya chamoyo kanayi pa tsiku. Ndiponso thanki yako ndinaiona pa chithunzi, ndi yaifupi. Popatsana mazira awiriwo amakwera m'mwamba atayang'anizana, ndipo madzi akachepa kuya amafika pamwamba asanamalize, mazira n'kutayikira pansi. Pamafunika kuya kosachepera masentimita 45. Ukanakhala ndi mwamuna lero, bwenzi ukunditumizira uthenga wina wodandaula.

Kudekha kumene ndikunena si kwa Zengerezu. Ukaona mchira kapena mlomo ukuyera, mbali za mimba zitalowa m'kati, kupuma mofulumira, kapena kahatchi kakuyandama kosatha kumira chifukwa mpweya wadzaza pansi pa khungu, usadikire Lamulungu. Upime ammonia ndi nitrite tsiku lomwelo, zonse ziyenera kukhala pa 0. Uone mchere, uone hita, ukapatule kodwalako. Kuchedwa kukhwima kwa nsomba yodya bwino, yogwira udzu mwamphamvu, ya maso oyendayenda, n'kumene ndikuti ukusiye.

Tsopano nditembenukire kwa inu a kuno, ndipo mphwanga usatseke tsamba, zikukhudza iwenso. Kuchedwa kwina sikuchokera m'mimba, kumachokera kwa mnansi. Zimenezi nyanja ya kwathu ndiye mphunzitsi wake. Pafupi ndi chilumba cha Chizumulu pali miyala ya pansi pa madzi yotchedwa Taiwanee Reef, ndipo kumeneko kokha n'kumene kumapezeka kambuna kotchedwa saulosi. Ana ake onse amabadwa achikasu. Aamuna akakula amasanduka abuluu a mizere yakuda. Koma ukaika aamuna atatu m'thanki imodzi, wamphamvu yekha ndi amene amavala buluu wathunthu, enawo amatha kukhalabe achikasu ngati alongo awo kuti asamenyedwe. Ukachotsa mfumuyo, pasanapite masiku ambiri wina wavala mkanjo. Russell Fernald wa ku Stanford anathera zaka zambiri pa nsomba ya ku Tanganyika yotchedwa burtoni, n'kuonetsa kuti yaimuna yoponderezedwa imakhala ndi ziwalo zoberekera zofota, koma mpata ukangopezeka mtundu wake umawala m'mphindi zochepa, ndipo thupi lonse limatsatira. Ndiye mukagula mbuna 6 n'kuona yaimuna imodzi, musathamangire kunena kuti zinazo ndi zazikazi. Ine ndinagulitsapo "zazikazi" zitatu kwa mphunzitsi wina wa ku Redcliff, ndipo patatha mwezi anabwera kudzandifunsa kuti n'chifukwa chiyani akazi anga amamenyana ngati atambala.

Zoopsa kwenikweni ndi zofulumira. Nsomba za kwathu zotchedwa Aulonocara, zimene m'mashopu amati peacock, zimakhala zotuwa zonse zili zazing'ono, ndipo zazimuna zimayamba kuwala zikamayandikira kukula. Ochita malonda ena safuna kudikira. Amazidyetsa chakudya chosakaniza ndi mahomoni, ndipo kansomba kosakwana chala kamawala ngati chitenje chatsopano, kakakazi komwe. Nditangobwerera kuno mu 2017 ndinagula 10 zoterozo kwa munthu wina wochokera nazo kumwera, ine amene ndinkadziyesa katswiri. Mwezi umodzi wokha utoto unasuluka. Zina zinafa, ndipo zotsalazo sizinandipatse mwana ndi mmodzi yemwe. Chikomekome cha mkuyu. Mukaona thanki imene nsomba zonse, zazikulu ndi zazing'ono, zikuwala mofanana, bwezani ndalama m'thumba.

Dziwe linandiphunzitsa zomwezo mwa njira ina. Mu 2018 ndinakumba dziwe kuseri kwa nyumba, mamita 10 mbali zonse, n'kuthiramo ana a bream osasankha, aamuna ndi aakazi pamodzi. Ndinasangalala nditaona ayamba kuswana pa miyezi yochepa, ndinkauza aliyense kuti dzanja langa ndi la mwayi. Tsiku lokolola khoka linatuluka lolemera, koma munalibe nsomba yodzaza mbale. Zinali zikwizikwi za zala zitatu, zina mazira ali m'kamwa. Nsomba ya mtundu umenewu ikapanikizika m'dziwe imakhwima idakali yaing'ono, mphamvu yonse n'kupita ku mazira, ndipo mayi akafungatira m'kamwa sadya. Ana amalimbirana chakudya ndi makolo, onse n'kupinimbira. Ndicho chifukwa chake alimi akuluakulu amaweta zazimuna zokhazokha. Ku Malawi alimi a maiwe amadandaula zomwezi ndi makumba. Amayi a pa msika wa ku Mbizo anandigula ndi chisoni, pa mtengo wa matemba.

Chambo chimene agogo ako ankachitamanda chija n'chochedwa. Rosemary Lowe, amene anachifufuza pa nyanja yathu kuyambira 1945 mpaka 1947, ndi ena amene anabwera pambuyo pake anapeza kuti m'nyanjamo chimatenga pafupifupi zaka zitatu chisanayambe kuswana. N'chifukwa chake chimafika pa mbale chili chambo. Koma kuchedwako kunakumana ndi anthu a phuma. Makoka a maso ang'onoang'ono, ena osokedwa ndi maneti a udzudzu, anakokolola kasawala asanaikire dzira ndi limodzi lomwe. Boma limatseka usodzi wa makoka mu Novembala ndi Disembala kuti chiswane, komabe pofika 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Bambo anga akanakhalapo sakanakhulupirira.

Pena ndikamayang'ana m'thanki ndimakumbuka za ine mwini. Anzanga a ku komboni mawu anawasintha tili fomu 1, ine ndinayimbabe ndi amayi m'kwaya mpaka fomu 3, ndipo dzina limene ankanditcha sindilemba pano. Malume anga anafuna kundipititsa kwa sing'anga kuti andicheke mphini. Bambo anakana, anangouza mayi kuti azindiwonjezera ndiwo. Ndingoti lero mwa anzanga aja palibe wondiposa kutalika.

Kunena za asing'anga, kahatchi kali pa mavuto chifukwa cha nkhani yomweyi. Chaka ndi chaka timahatchi mamiliyoni timagwidwa, tambiri mwangozi m'makoka okokolola nkhanu, n'kuumitsidwa kupita ku Asia, kumene mwa zina amatigulitsa ngati mankhwala opatsa abambo mphamvu. Ndi gondolosi wa kumeneko. Kanyama kamene bambo wake amachita kutenga pakati ndiko akuti kakalimbitse amuna, dziko ili lili ndi nthabwala zake. Gombe la Mozambique nalo lalowa m'malonda amenewa. Mu 2002 mayiko a m'pangano la CITES anagwirizana zoika timahatchi tonse pa mndandanda wachiwiri, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2004, kutanthauza kuti kudutsa nako malire kumafuna chilolezo, kamoyo kapena kouma. Analangizanso kuti kogwidwa m'nyanja kasachepere masentimita 10, kuti kayambe kaswanako kasanachotsedwe m'madzi. Waona, ngakhale lamulo limayeza ndi rula.

Ndiye iwe mphwanga, usadzayerekeze kubwera nato pa Beitbridge pa Khirisimasi ati kudzaonetsa amayi ako. Ndiponso wina akadzakuuza kuti ali ndi ka ku Knysna kotchipa, umuthawe. Kameneko kamapezeka m'mathiriro a mitsinje atatu okha pa dziko lonse, Knysna, Swartvlei ndi Keurbooms, ndipo malamulo a South Africa amakateteza. Mlendo ngati iwe, wa mapepala ongokwanira, sungapirire mlandu wotero. Ukafuna kukaona, pita ku Two Oceans Aquarium ku Waterfront, ulipire pakhomo, ukayang'ane mpaka ukhute. Ukafikako uyang'anitsitse mimba zawo cham'mbali monga ndakuuzira, ndi sukulu yabwino kuposa mavidiyo. Ine chimene ndimalakalaka n'kuona kaja kanalengezedwa mu 2020 ku Sodwana Bay, kotchedwa nalu, kotalika masentimita awiri okha. Anthu anasambira pamwamba pake zaka zonsezo osakaona.

Kwa inu a ku Mbizo, Amaveni ndi Torwood, yankho langa pa timahatchi ndi lalifupi: kuno ayi. Madzi a m'nyanja ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita, ndipo si mchere wa m'khitchini. Ndi wosakaniza mwapadera, wogula ndi madola, ndipo mudzaufuna mwezi uliwonse. Mysis imafuna firiji yosazima. Magetsi akapita maola 10, pampu imaima, mpweya umatha, chakudya chimasungunuka n'kuwola. Mu Juni ndi Julayi usiku wa kuno, pa mtunda wa mamita 1,200, umaziziritsa thanki yaing'ono mofulumira kuposa mmene mungaganizire. Yambani ndi guppy, muphunzire kusunga madzi. Thanki yatsopano muziisiya iyende masabata 4 mpaka 6 kuti tizilombo tabwino tikhazikike m'sefa musanadzazemo nsomba. Madzi a pampopi ali ndi klorini, muziwathira mankhwala ake kapena kuwagoneka. A mumtsinje, kumunsi kwa kumene makorokoza amatsukira golide, musawayandikize n'komwe, chifukwa cyanide ndi mercury sizioneka ndi maso. Mukatha chaka osapha guppy, bwerani ndidzakupatseni mbuna zachikasu za cha ku Nkhata Bay, zimene amati yellow lab. Madzi a pa mjigo wanga zimawakonda, ndipo kasola kamodzi ndi batire zimakwanira kuyendetsa pampu ya mpweya usiku wonse. Mudzabwere ndi kope ndi cholembera. Wopanda kope sindimupatsa nsomba, chifukwa tsiku limene yaswa, tsiku limene mwasintha madzi, ndi kutentha kwa m'mawa uliwonse, mutu sungasunge.

Mudzaona mayi wa mbuna atatupa kukhosi, osadya pafupifupi masabata atatu, ana ali m'kamwa. Padzakhala wina wokuuzani kuti mumutsegule kamwa ndi kamtengo pa sabata yoyamba kuti aswenso msanga. Oweta ambiri amachita zimenezo, ndipo akadziwa nthawi yake zimatheka. Inu chaka choyamba musiyeni alavule yekha, muone mmene zimakhalira.

Mphwanga, Loweruka udzuke kusanache, usayatse getsi la m'chipinda. Ukhale pansi pafupi ndi thanki, uyatse la pathanki lokha, ndipo uone chimene tiwirito tichite m'mphindi 20 zoyamba. Ngati kakang'onoko kayandikira kanzake n'kuwala khungu, kapena kakupinda mchira kutsogolo ngati kakufinya mimba, undijambulire. Ukatero upite kushopu kuja. Mwini wakeyo umupatse moni bwinobwino, umufunse mtundu wake weniweni wa timahatchito ndi mwezi umene tinabadwa, ulembe. Ugule mysis paketi ziwiri ndi rula ya pulasitiki. Amayi ako akuti ndalama ya feteleza yafika, koma jekete lija unalonjeza sanalione.